Bizinesi ya magemu pa Nkando: kodi TV ya fulati imabweza ndalama?

Pa Nkando, monganso m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa Midima wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje, timashopu tosewetsa magemu a PlayStation ndi bizinesi yomwe imalowetsa kangachepe tsiku ndi tsiku. Ena mwa eni malowa akugwiritsabe ntchito ma TV akale aja okhala ndi chimsana kumbuyo, pomwe achinyamata ayamba kukonda malo omwe ali ndi TV ya fulati yotambalala. Koma kugula TV yatsopano si nkhani yamasewera, makamaka chichokereni mu Novembala 2023 pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu wochokera kunja n'kukwera mtengo. Mwini malo akaphonya pogula, mpamba umamira.

Choyamba kuyang'ana ndi makina amene ali pa shopu, chifukwa ndiwo amalamula mtundu wa TV. PS2, yomwe inatuluka mu 2000, inapangidwira ma TV akale ndipo ilibe polowetsa HDMI. Imalumikizidwa ndi mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Ikaikidwa pa TV ya fulati yaikulu, chithunzi chimaoneka mbuu, osewera mpira n'kuoneka ofutukuka ngati TV yatambasula chithunzicho kuti chidzaze galasi lonse. Kachipangizo kosinthira PS2 kupita ku HDMI kamathandiza kulumikiza basi, sikasandutsa gemu yakale kukhala yatsopano. Amene ali ndi ma PS2 okhaokha sapindula kwenikweni ndi TV ya fulati.

PS3 ya 2006 ili ndi njira zonse ziwiri, ndipo imaoneka bwino kwambiri ikalumikizidwa ndi HDMI. PS4 ya 2013 ndi PS5 ya 2020 zili ndi HDMI yokha. Magemu ake, monga FIFA yomwe kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, anapangidwira galasi lotambalala, moti pa TV yakale mayina a osewera ndi zolemba zina siziwerengeka. Apa ndiye kusintha TV kumakhala kofunika.

Chachiwiri ndi kukula kwake. Mainchesi a TV amayezedwa chopingasa, kuchoka pa kona ina kufika pa kona ya mbali inayo. TV yakale ili ndi muyezo wa 4:3 pomwe yotambalala ndi 16:9, choncho manambala amanyenga. TV ya fulati ya mainchesi 24 imatalika pafupifupi masentimita 30 kuchoka pansi kufika pamwamba, chimodzimodzi ndi yakale ya mainchesi 21. Imangoposa m'mbali. Ya mainchesi 32 imatalika pafupifupi masentimita 40 ndipo m'mbali ndi masentimita 71. Kwa anyamata awiri okhala pa benchi, ndi anzawo angapo oonerera kumbuyo, ya 32 ndiyo imayamba kuonetsa kusiyana.

Pabokosi pamalembedwanso "HD Ready" kapena "Full HD". Yoyambayo imakhala ndi timadontho 1366 m'mbali ndi 768 chotsika, yachiwiriyo 1920 ndi 1080. Pa mainchesi 32, HD Ready imakwanira ndipo ndi yotsikirapo mtengo. Kuyambira mainchesi 40 kupita m'mwamba, Full HD ndiyo yoyenera. Kulipira ndalama yowonjezera chifukwa TV ndi "smart" n'kungotaya, poti magemu amachokera m'makina, osati mu TV.

Pali vuto lina lomwe ogulitsa sakonda kulitchula. TV yakale imaonetsa nthawi yomweyo zomwe wosewera wadina pa padi. Ma TV ena a fulati amachedwa pang'ono chifukwa amayamba akonza kaye chithunzi. Kuchedwako n'kochepa kwambiri, koma wosewera wozolowera amakumva pomenya penate, ndipo akagonja amaloza chala TV n'kusamukira kwa oyandikana nawo. Ma TV ambiri ali ndi pena polembedwa "Game Mode" mu menyu, pomwe pamachepetsa vutoli. Wogula wochenjera amanyamula makina ake popita ku Limbe kapena ku Blantyre, n'kusewera gemu imodzi pa TV yomwe akufunayo asanatulutse ndalama.

Dzina loti "plasma" nalonso lapusitsa ambiri. Kuno TV ina iliyonse ya fulati imatchedwa plasma, koma plasma yeniyeni ndi mtundu wina womwe makampani a Panasonic, Samsung ndi LG anasiya kupanga mu 2014. Zomwe zikupezeka lero ndi zogwiritsidwapo kale ntchito. Zimalemera, zimatentha, zimadya magetsi ambiri, ndipo chinthu chikakhala malo amodzi kwa nthawi yaitali, monga kabokosi ka zigoli pa gemu ya mpira, chimatha kusiya chithunzithunzi chosachoka pa galasi. Ya bizinesi ya magemu ndi LED.

Pa nkhani ya magetsi, yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. TV yakale yodya mawati 80 ikamayaka maola 10 pa tsiku, pa masiku 30 imatha mayuniti 24. LED yodya mawati 40 imatha mayuniti 12. Shopu ya ma TV anayi ingapulumutse mayuniti 48 pa mwezi. Mawati a TV iliyonse amalembedwa pa kapepala ka kumbuyo kwake. Komabe amene akusintha TV limodzi ndi makina asadabwe mayuniti akamatha msanga kuposa kale, chifukwa PS4 pa yokha imadya magetsi ochuluka kuposa LED ya mainchesi 32, komanso kuposa PS2. Kwa odalira sola kapena batire ndi inveta magetsi akazima, LED imachititsa kuti batire ikhalitse.

Kufooka kwa TV ya fulati kuli pa kulimba. Yakale ija imapirira fumbi ndi kugundidwa, ndipo amisiri okonza mawailesi pa msika amaidziwa. Ya fulati ikagendedwa ndi padi ndi wosewera wopsa mtima, galasi likasweka, kukonzetsa kumatsala pang'ono kufanana ndi kugula ina. N'chifukwa chake pa mtengo wa TV payenera kuwonjezeredwa bulaketi yomangirira ku khoma ndi TV guard yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima. Nthawi ya dzinja, ziphaliwali zikayamba, mapulagi azizulidwa. Chitseko nachonso chilimbitsidwe, poti TV yomwe kale inkafuna anthu awiri kuinyamula, tsopano wakuba mmodzi amaikwapatira.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi bwino kuika chithunzi choyera chokhachokha kenaka chakuda, kuti mizere, timadontho takufa ndi malo a mdima zionekere. Polowetsa HDMI paliponse payesedwe. Risiti ilembedwe nambala ya TV ndi masiku a waranti. Ma monita a kompyuta amatsika mtengo, koma ambiri akale ali ndi VGA yokha ndipo alibe masipika, choncho pamafunika kugulanso zina.

Chomaliza ndi masamu. Mwachitsanzo chabe, ngati TV, bulaketi ndi guard zadya K300,000, ndipo mwini malo wakweza mtengo wa gemu ndi K100 pa TV imeneyo yomwe imaseweredwa magemu 30 pa tsiku, ndiye kuti ikulowetsa K3,000 yowonjezera. Ndalama ibwerera pa masiku 100. Magemu akakhala 10 okha pa tsiku, patenga masiku 300, ndipo ngati ndalamayo inali ya ngongole ya banki m'khonde, chiwongoladzanja chidya phindu lonse. Aliyense aikepo manambala ake, osaiwala kuchotsapo masiku omwe magetsi amazima.

Njira yosaika mpamba pa chiswe ndi kusintha TV imodzi kaye, ya makina atsopano, n'kuiikira mtengo wake wapadera, zakale zija zikupitiriza ndi PS2 pa mtengo wotsika wa ana. Kabuku kolembamo magemu a TV iliyonse kwa mwezi umodzi kadzanena ngati yachiwiri ikuyenera kugulidwa.