KUZIMA MOTO WA M'CHIRE NDI NCHITO YOPHUNZIRA

Caka ndi caka, kuyambira mwezi wa August kufikira October, moto wa m'chire umaononga cuma cambiri m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia. Umatentha nkhokwe, mapesi, udzu wofolera nyumba ndi msipu wa ng'ombe. Magalimoto ozimira moto amakhala m'matauni monga Chipata, ndipo ngakhale munthu aimbe lamya pa nambala 993, sangafike msanga ku mudzi wakutali. Cotero oyamba kulimbana ndi moto ndiwo eni mudzi.

Koma unyinji wa anthu pa wokha suzima moto. Ozima moto a makhonsolo amaphunzira nchito yao pa sukulu ya Boma ku Kabwe, nabwereza zomwezo kawiri kawiri kufikira manja atazolowera. Mudzi uli wonse uyenera kutengerapo citsanzo. Mfumu isankhe gulu la amuna ndi akazi amphamvu, liri ndi mtsogoleri mmodzi, ndipo liziyeserera m'miyezi ya May ndi June, udzu usanaumitsitse.

Coyamba kuyeserera ndico kuitana. Pakhale kuombedwa kwa ng'oma kapena kwa citsulo kodziwitsa za moto wokha. Pakumva, ali yense athamangire ku malo opanganika ndi cida cace. Mtsogoleri awerenge anthu ace popita ndi pobwera, kuti wina asatsale mu utsi.

Caciwiri ndico kumenya moto. Moto umafuna zinthu zitatu: cotentha, mpweya ndi cinthu coti cipse. Cimodzi cikacotsedwa, moto wafa. Nthambi yaiwisi imauzima poutsekera mpweya. Gulu lilambule malire a kadera kang'ono ka udzu, likayatse madzulo mphepo itagona, ndi kuphunzira kuyenda mondondozana, likumenyera malawi ku mbali yopsa kale. Moto sauimira kutsogolo. Ozima ayambire kumbuyo kwace ndi kutsata m'mbali mwace kufikira utacepa. Pa citunda moto umakwera mothamanga, cotero munthu asaime kumtunda kwace. Mphepo ikatembenuka, pothawira ndi pamalo popsa kale.

Cacitatu ndico kulambula ndi makasu njira yochinga moto kuzungulira mudzi, nkhokwe ndi makola. Kumene udzu uli wautali, njirayo itambalale ndithu, pakuti yopapatiza moto umailumpha.

Cacinai ndico kusunga madzi. Mpope wobereka wa malita 16, umene alimi amapoperera thonje, umathandiza kwambiri ukatsukidwa bwino kuti musatsale mankhwala. Madzi awazidwe pa tsinde la moto, osati pa malawi. Moto utagonja, gulu lisabalalike msanga, cifukwa zitsa ndi ndowe zouma zimasunga moto umene umauka usiku.

Cacisanu ndico kuthandiza wopsa. Zobvala zikagwira moto, munthu asathamange koma agwe pansi ndi kugubuduka. Pa bala athirepo madzi ozizira kwa mphindi 20, osadzolapo mafuta, ndi kunka naye ku cipatala. Ozima moto abvale zathonje, pakuti nailoni imasungunuka nimatirira pa khungu.

Gulu lozolowera lingathenso kutentha chire pa nthawi yace. Ku Ndola, akatswiri a nkhalango anayamba kuyesa zimenezi m'caka ca 1933, ndipo anapeza kuti moto wa kumapeto kwa cilimwe umapha mitengo ya miombo, pamene moto woyatsidwa msanga, udzu ukali ndi cinyezi, umasiya nkhalango iri yamoyo. Nchito imeneyi icitike mfumu itabvomereza, ndiponso motsogoleredwa ndi alangizi a nkhalango.

Kuyeserera konseku kumangofuna madzulo owerengeka, koma nkhokwe ikapsa banja limadikira miyezi yambiri kuti likololenso. Mafumu amene afuna kuyambitsa gulu lotere akaonane ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa nkhalango wa m'dera lao mwezi wa May usanafike.