Geji ya Kutentha kwa Injini Ikayamba Kunama

Mwezi wa October ukafika m'maboma a Petauke ndi Nyimba, mathirakitala akale amatuluka pansi pa mitengo ya mango n'kuyamba kuswa mphanje dzuwa lili ng'aning'ani. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Massey Ferguson 135 ndi 165, amene anayamba kupangidwa mu 1964. Wa 135 analeka kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, motero ngakhale wamng'ono mwa iwo anabadwa kale kuposa ambiri a inu. Injini zake za Perkins zimapirira fumbi ndi ntchito yakalavula gaga, koma kutentha kopyola muyeso sizikupirira. Hedi ikapindika kapena gasiketi ikapsa m'mwezi umenewu, zitsulo zina mukazifuna ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke, ndipo mvula siidikira kuti mubwereko.

Chomwe chimauza woyendetsa za kutentha kwa m'kati mwa injini ndi geji yokha, ndipo pa makina okalamba gejiyo imanama kawirikawiri. Ikamaloza pofiira injini ili bwinobwino, mlimi amataya masiku ndi ndalama, kugula rediyeta kapena pampu ya madzi imene sinafunike. Ikamaloza pakati injini ikuphikika, kutayako n'kwakukulu koposa. Tsono tisanamasule chitsulo chilichonse timayamba tafunsa ngati wodwala ndi injini kapena geji.

Yambani ndi madzi, injini ili yozizira m'mawa. Ambiri sadziwa kuti madzi akachepa kwambiri geji ikhoza kutsika m'malo mokwera, pakuti kachitsulo komva kutentha, kamene amakaniko amakatcha sender, kamatsala pamtunda osamizidwa, n'kumayeza mpweya. Kamuvi kakatsika mwadzidzidzi muli pakati pa ntchito yolemetsa, musakondwere, imani. Musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizikawo amathovoka n'kupsereza nkhope ndi manja. Onaninso lamba wa fani ngati ali wolimba, ndi timipata ta rediyeta, timene nyengo yopukusa chimanga ndi yotuta thonje timatsekeka ndi mankhusu ndi ulusi.

Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, dziwani mtundu wa geji yanu, popeza mitundu yake ndi iwiri. Geji ya kapaipi, yopezeka pa mathirakitala ambiri akale, siifuna magetsi. Ili ndi kabotolo kachitsulo komizidwa m'madzi a injini, ndipo m'kati mwake muli madzi apadera amene amasanduka nthunzi akatenthedwa. Nthunziyo imakankha kudzera m'kapaipi kowonda ngati udzu mpaka kukasuntha kamuvi. Kapaipi kameneka kakapindika kwambiri, kakakhulika pachitsulo kapena wina akakadula poyesa kuti ndi waya, madzi aja amathawa ndipo geji yafa. Kumudzi sitingaikonze, koma kugula ina yathunthu. Poika yatsopano, kapaipi kotsalako kakulungeni mozungulira motakasuka, kutali ndi paipi ya utsi.

Geji ya magetsi ndiyo imavuta, ndipo tikhalapo pang'ono. Sender yake imamangidwa pa hedi kapena pafupi ndi thermostat, ndipo kawirikawiri ili ndi waya umodzi. Madzi akamatentha, sender imalola magetsi ochuluka kudutsa kupita ku thupi la injini, kamuvi n'kumakwera. Ndiye kuti chilichonse chotchinga magetsi panjira, kaya dzimbiri, kaya waya wogwedera, chimanamiza geji kuti injini ndi yozizira, pomwe waya wosupuka wokhudza chitsulo umainamiza kuti injini ikuyaka.

Kuyesa kwake sikufuna chida. Tembenuzani kiyi osaliza injini, ndipo chotsani waya pa sender: kamuvi kayenera kugona pansi penipeni. Kenaka gunditsani waya womwewo pachitsulo choyera cha injini kwa kamphindi chabe, mnzanu akuyang'ana geji: kamuvi kayenera kukwera kulowera pofiira. Musagwiritse nthawi yaitali, mungaotche geji. Kakachita zonse ziwiri, geji ndi waya zili moyo, ndipo wokayikitsa ndi sender. Kakakhala pamwamba waya uli wochotsa, fufuzani pamene wayayo wasupuka, makamaka podutsa pabowo la chitsulo. Kakapanda kusuntha n'komwe, onani fyuzi ndi magetsi ofika kuseri kwa geji.

Pali zolakwika ziwiri zimene timaziona chaka ndi chaka pa makina obwera kuchokera kwa amakaniko a m'misika. Choyamba ndi kukulunga mazinga a sender ndi tepi yoyera ya mapaipi a madzi kuti pasadonthe. Sender ya waya umodzi imadalira mazinga omwewo kuti ikhudzane ndi injini; tepi ikachuluka, geji imawerenga motsika kapena kungoti zii. Chachiwiri ndi kutenga sender ya motoka ina chifukwa choti mazinga akwanira. Sender iliyonse inapangidwira geji yake, ndipo ya Toyota ikamangidwa ku geji ya thirakitala, kamuvi kamasuntha ndithu, koma zimene kakunena zilibe mutu. Ife timati choterechi n'choopsa kuposa geji yakufa, chifukwa yakufayo palibe amene amaikhulupirira.

Inu amene muli ndi Land Rover zakale, monga za Series III zopangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, muli ndi chinthu china chachitatu. Kuseri kwa mageji kuli kabokosi kakang'ono kamene kamachepetsa mphamvu ya batire kufika pa mavoti 10, kuti mageji asamasinthe pamene injini ikuthamanga. Kabokosika kakafa kapena kakapanda kukhudzana bwino ndi chitsulo, geji ya kutentha ndi ya mafuta zimakwerera limodzi. Mukaona thanki ikudzaza yokha pamene injini ikuoneka ngati ikutentha, musavutitse rediyeta. Momwemonso, ngati kamuvi kamalumpha mukayatsa nyali, tsukani ndi kumangitsa waya wonenepa wolumikiza injini ku thupi la motoka.

Nanga tingadziwe bwanji kuti geji ikunena zoona? Masulani sender kapena kabotolo kaja, mukamize nsonga yake mumphika wa madzi pambaula pafupi ndi makinawo. Ngati ndi ya magetsi, siyani waya wake uli womanga, ndipo lumikizani thupi lake ku injini ndi waya wina. Kumbukirani kuti kusukulu tinaphunzira kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma zimenezo n'za kugombe la nyanja yamchere. Ku Petauke, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira pa madigiri ngati 97, ndipo kutsikira ku Nyimba ndi kuchigwa cha Luangwa amakwererako pang'ono. Madzi akamabwadamuka, kamuvi kayenera kukhala kumtunda, kufupi ndi pofiira. Kakakhala pakati, gejiyo yakhala ikukubisirani moto. Zida zoyezera kutentha pachipumi zimene zinafala mu 2020 sizithandiza pano, popeza zinapangidwira thupi la munthu. Mukamasula sender muonenso ngati yakutidwa ndi zoyera zouma zochokera m'madzi a pa mjigo. Zimenezo zimaichedwetsa kumva kutentha, ndipo zikakhala pa sender ndiye kuti zilinso m'rediyeta.

Njira ina ndi yoleza mtima, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lizani injini yozizira, dzanja lili papaipi yamtunda ya rediyeta, kutali ndi fani. Paipiyo imakhala yozizira kwa nthawi, kenaka imatentha mwadzidzidzi. Pamenepo thermostat yatseguka, ndipo madzi afika pa nambala yodindidwa pa thermostat yomweyo, imene pa injini zambiri za dizilo ndi 82. Onani pamene kamuvi kali, muikepo kadontho ka penti pagalasi. Paipi ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, ndiye kuti thermostat inakanirira chotsegula kapena wina anaichotsa, monga ambiri amachitira poganiza kuti dziko lathu n'lotentha. Ife sitivomereza mchitidwewu. Injini yoyenda yozizira imadya dizilo wambiri, imatha msanga, ndipo pa injini zina kuchotsa thermostat kumachititsa madzi ena kuzungulira osafika ku rediyeta.

Geji ikapambana mayeso onsewa koma n'kumakwerabe mukamakoka katundu m'mapiri a Kacholola, pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, ikhulupirireni. Patukani, siyani injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo ngati madzi sakutayika ndipo lamba ali pamalo pake, kenaka muzimitse. Ikazizira, yang'anani ngati mafuta a injini asanduka otuwa ngati mkaka, kapena ngati m'rediyeta mukutuluka thovu injini ikamalira. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, gasiketi yayamba kale kupsa, ndipo motokayo ikokedwe.