Pa Kachulu: mphini za sing'anga inde, tatuu ayi?

Inu ogulitsa matemba ndi milamba mu Limbe, ku Ndirande ndi mumsika wa Zomba, mukudziwa kuti nsomba zambiri za ku Chilwa zimatsikira pa doko la Kachulu. Koma kodi mukudziwa kuti padokopo munthu atha kuluza ganyu chifukwa cha khungu lake?

Ine ndimapikula nsomba kumeneko. Ndaona ndi maso angawa mnyamata wina wobwera ku Joni, wa tatuu ya mkango pamkono ndi ndolo kukhutu, alovi anzake akumukana m'bwato. Ati ndi wasataniki, athawitsa nsomba. Amayi ena opikula nawonso safuna awasenzere dengu, kaya kumusungitsa ndalama.

Koma abale, tinene chilungamo. Alovi omwewo akavula malaya kuti akoke khoka, pachifuwa ndi kumsana mphini zili mbwee, zotemera kwa sing'anga, ati zodzitetezera panyanja. Nanga agogo athu achiyao a chipini pamphuno, kapena achilomwe a mphini kumaso, timakana thobwa lawo? Anyani sasekana zikundu.

Kuboola thupi sikunabwere ndi basi ya ku Joni ayi. David Livingstone, yemwe anafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859, analemba za amayi achimang'anja oboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo pelele. Masiku amenewo kumeneko ndiye kunali kutchena!

Tsono kunyansidwaku kwachokera kuti? Mu 1973 boma la Kamuzu linaika lamulo la kavalidwe loletsa amayi thalauza ndi siketi yaifupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankamumeta ngakhale pabwalo la ndege. Malamulowo anapita pobwera matipate, koma chizolowezi choweruza munthu ndi maso chinatsala. Mashehe amaletsa tatuu, abusa nawo amatchula Levitiko 19:28. Chabwino, koma vesi lomwelo limakambanso zodzicheka pathupi. Bwanji nanga tikuloza chala mbali imodzi?

Za kuthawitsa nsombazo ndiye bodza lamkunkhuniza. Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018 chifukwa mvula inachepa, ndipo nyanjayi ndi yosaya. Timatemba tating'ono tikutha ndi aja okokera masikito neti.

Choopsa chenicheni ndi lezala kapena singano imodzi kuyenda pa anthu angapo. M'menemo mumadutsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Wotemera mphini ndi wojambulitsa tatuu, onse aonetsetse kuti chitsulo n'chatsopano.

Ndiye anzanga apamsika, wina akabwera kufuna ganyu pabenchi panu, muoneni manja ngati sasolola, muoneni ngati amabweza chenje chokwanira ndi kulawirira m'mawa. Ambiri a ife amene anatithawitsira mpamba anali ovala jekete ndi tayi, khungu losalala bwinobwino.