Kusankha Netiweki ya Lamya Kumwera kwa Mzimba

Mabanja ambiri a m'boma la Mzimba ali ndi mbale ku South Africa, kapena kuti ku Joni monga anthu amanenera. Ulendo umenewu ndi wakale. Agogo anapita ndi Wenela, ena pambuyo pake ndi TEBA, ndipo uthenga wao unkafika pa kalata imene inkatha milungu panjira. Lero mwana amene ali ku Johannesburg amafuna kuona nkhope ya mai ake pa WhatsApp, ndi kumva tsiku lomwelo kuti ndalama za feteleza zafika. Kaŵirikaŵiri ndi iye yemweyo amene amatumiza lamya yamakono kumudzi. Koma lamyayo siigwira ntchito popanda simukhadi, ndipo funso la nkhani ya lero lagona pamenepa: kodi munthu wa pa Boma la Mzimba, ku Edingeni, ku Embangweni, ku Jenda kapena kwa Khosolo aikemo khadi ya kampani iti?

Makampani aakulu amene akupikisana pa ntchito imeneyi m'dziko muno ndi aŵiri. Yoyamba ndi Telekom Networks Malawi, imene anthu amaidziŵa ndi dzina lakuti TNM. Inayamba m'chaka cha 1995 pamene bungwe la boma loyang'anira mapositi ndi lamya linagwirizana ndi kampani ya Telekom Malaysia, ndipo manambala ake amayamba ndi 088. Yachiŵiri ndi Airtel, imene manambala ake ambiri amayamba ndi 099. Iyi inabwera m'chaka cha 1999 ndi dzina lakuti Celtel, m'chaka cha 2008 inatchedwa Zain, ndipo m'chaka cha 2010 inagulidwa ndi kampani ya ku India ya Bharti Airtel. Bungwe limene limapereka ziphaso ndi kuyang'anira makampani onse aŵiri ndi MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1998.

Chinthu choyamba kuyerekeza ndicho kufika kwa netiweki. Lamya ya m'manja ndi kawailesi kakang'ono kamene kamamva ndi kuyankhanso. Imatumiza mafunde ku nsanja imene ili pafupi, ndipo nsanjayo imapititsa mau kumene akupita. Mafunde ameneŵa amayenda molunjika monga a wailesi ya FM, kotero kuti phiri likaima pakati amatchingika. Mafunde otsika, a 800 kapena 900 MHz, amafika patali ndipo amaloŵa bwino m'nyumba. Mafunde okwera, a 1800 kapena 2100 MHz, amanyamula katundu wambiri wa intaneti koma amathera pafupi. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wokhala kutali ndi nsanja amatha kuimba lamya bwinobwino, pamene chithunzi chimodzi chikukanika kutsika.

Tsono maonekedwe a dziko la Mzimba ali ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Bomali ndilo lalikulu koposa maboma onse m'Malaŵi, pakuti limapitirira masikweya kilomita 10,000, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapezamo anthu oposa 900,000. Kum'maŵa kuli mapiri a Viphya ndi nkhalango za paini za ku Luwawa ndi Chikangawa. Kumadzulo dziko limatsetsereka kunka ku mtsinje wa South Rukuru ndi malire a Zambia. Nsanja ndi chinthu chodula, choncho kampani imayamba yamanga kumene kuli anthu ambiri ndi malonda: pa Boma, m'mbali mwa mseu wa M1, ndi pa misika yaikulu monga wa Jenda. Pamalo otere makampani onse aŵiri amapezeka. Kusiyana kumaonekera munthu akachoka pa mseu wa phula. M'dera la mapiri ndi zigwa monga la Khosolo, mudzi wa pamtunda ukhoza kumva bwino kampani ina, pamene mudzi wa kuseri kwa phiri lomwelo ukumva inzake yokha, kapena sukumva iliyonse. Motero mau akuti kampani yakuti yafika m'boma lonse akhoza kukhala oona, koma pakhomo pa munthu mmodzi n'kukhalabe chete.

M'chaka cha 2022 Airtel inagulitsa nsanja zake ku kampani ya Helios Towers, imene ntchito yake ndi kubwereketsa nsanja kwa makampani a lamya. Nsanja imodzi ikhoza kunyamula zipangizo za makampani aŵiri, kapena za imodzi yokha. Choncho kuona nsanja pa phiri la pafupi si umboni wakuti khadi iliyonse igwira.

Anthu a kumadzulo kwa Jenda, Embangweni ndi Edingeni ali ndi china choti asamale nacho. Midzi yao yayandikana ndi chigawo cha kum'maŵa cha Zambia, kumene kuli tauni ya Lundazi, ndipo mafunde sadziŵa malire. Lamya imene yasiyidwa kuti idzisankhire yokha netiweki ikhoza kulumpha n'kugwira MTN, Zamtel kapena Airtel ya ku Zambia. Zikatero mwini wake amalipitsidwa monga mlendo wa kunja kwa dziko, ngakhale wakhala pa khonde la nyumba yake. Mankhwala ake ndi kuloŵa pa malo osinthira zinthu m'lamyamo ndi kusankha pamanja dzina la kampani ya m'Malaŵi.

Chinthu chachiŵiri ndi liŵiro. Pamwamba pa galasi la lamya pamaoneka chilembo chimene anthu ambiri sachisamala. Chilembo cha E chimasonyeza 2G, imene imakwanira kuimba ndi kutumiza uthenga wa mau olembedwa, koma kanema saiyendera. Zilembo za H kapena 3G zimasonyeza liŵiro la pakatikati, lokwanira zithunzi ndi mau ojambulidwa. Zilembo za 4G kapena LTE ndizo zimalola anthu kuonana nkhope mosadukiza. TNM inayambitsa 4G m'chaka cha 2016, ndipo Airtel inatsatira m'chaka cha 2018. M'chaka cha 2023 TNM inayesa 5G m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Kwa mlimi wa ku Manyamula kapena ku Luwerezi, funso lofunika ndi lakuti kodi chilembo cha 4G chimakhazikika pakhomo pake, kapena chimangobwera n'kuthaŵanso.

Timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki timanamiza anthu ambiri. Timangonena kuti nsanja ikumveka, osati kuti njira ndi yotakasuka. Nsanja ili ngati mjigo: madzi ake ndi omwewo, ndipo otunga akachuluka aliyense amadikira. Chifukwa chake intaneti imene imathamanga mbandakucha imakwaŵa madzulo anthu akaŵeruka. Imakwaŵanso pa tsiku la msika ku Jenda pamene ogula tomato ndi anyezi asonkhana, ndi pa mwambo wa Umthetho wa Angoni pa phiri la Hora m'mwezi wa August. Kampani imene ili ndi makasitomala ambiri pamalo ena ikhoza kukhala yochedwa pamalopo chifukwa cha kutchuka kwake komweko.

Magetsi nawo ali ndi mau. Nsanja imadalira mphamvu ya ESCOM, mabatire, jenereta ya dizilo kapena dzuŵa. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Pa nyengo yotere, kapena pamene mafuta asoŵa, nsanja ya mabatire ofooka imazima msanga ndipo ya kampani inzake ikhoza kupitiriza. Palinso zovuta zochokera kutali zimene zingagwere makampani onse pamodzi. Malaŵi alibe doko la ku nyanja yamchere, ndipo intaneti yake imadzera m'nthambo zodutsa m'maiko oyandikana nawo. Mu May 2024 nthambo za pansi pa nyanja kugombe la kum'maŵa kwa Africa zinaduka, ndipo intaneti inachedwa m'maiko angapo, kuphatikizapo lino. Tsiku lotere kusintha khadi sikuthandiza kwenikweni.

Nthaŵi zina cholakwa chimakhala m'lamya momwemo. Lamya zina zochokera ku Joni zimakhala zokhomedwa kuti zigwire ntchito ndi kampani imodzi ya kumeneko, monga Vodacom kapena MTN, ndipo zimakana khadi ya kuno kufikira zitatsekulidwa. Zina zili ndi malo a makhadi aŵiri, koma 4G imayenda pa malo amodzi okha. Khadi yakale kwambiri nayonso ingafunike kusinthidwa ku ofesi ya kampani kuti ilandire 4G. Mbale wotumiza lamya achita bwino kufunsa zinthu zimenezi asanalipire.

Chinthu chachitatu ndi ntchito zina zimene khadi imagwira, ndipo yaikulu mwa izo ndi ya ndalama. Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012, ndipo TNM Mpamba m'chaka cha 2013. Yoyambayo imatsekulidwa poimba *211#, inayo poimba *444#, ndipo zonse ziŵiri zimayenda ngakhale pa 2G popanda intaneti. Ndalama zochokera ku South Africa kudzera m'makampani monga Mukuru zina zimalandiridwa pamanja, zina zimaloŵa m'lamya. Pamenepa chofunika kuona ndi ejenti. Ngati ejenti wa pafupi ndi wa kampani imodzi yokha, kapena ngati wa kampani inayo sakhala ndi ndalama zokwanira, mai wokalamba adzalipira kabaza kukatapa ndalama pa Boma, ndipo gaŵo la thandizo la mwana wake lidzathera panjira. Kutumiza ndalama kuchokera ku kampani ina kupita ku inzake n'kotheka, koma ndi bwino kuyamba wafunsa mtengo wake. Nambala yachinsinsi siyenera kuuzidwa munthu aliyense, ngakhale woimba lamya amene akudzitcha wa ku kampani.

Pa mitengo, makampani onse aŵiri amagulitsa mabandulo a tsiku, a mlungu ndi a mwezi, ndiponso ena a WhatsApp kapena Facebook yokha. Onse amakongozanso mayunitsi: Airtel imati Kutapa, TNM imati Pasavute, ndipo ngongoleyo imabwezedwa ndi kachiwongoladzanja pamwamba. Mitengo imasintha kaŵirikaŵiri, makamaka ndalama ya kwacha ikatsika mphamvu monga inachitira ndi 44 peresenti mu November 2023, pakuti zipangizo za netiweki zimagulidwa kunja. Poyerekeza, munthu aone zinthu ziŵiri pamodzi: kuchuluka kwa bandulo ndi masiku amene ikhale. Bandulo yaikulu ya tsiku limodzi ndi yotayika kwa munthu amene netiweki imamufika madzulo okha. Aonenso kuti abale ndi ogula mbeu zake ali pa kampani iti, popeza mphindi zoimbira anthu a kampani imodzimodzi zimakhala zotsika mtengo nthaŵi zambiri.

Tsono munthu asankhe bwanji? Njira yodalirika ndi kuyesa yekha. Simukhadi siidula, ndipo kuyambira chaka cha 2018 imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Agule makhadi onse aŵiri ndi bandulo yaing'ono pa iliyonse, nayese kwa mlungu wathunthu. Ayese m'kati mwa nyumba, makamaka ngati ili ya malata, ayesenso kumunda ndi kudimba. Ayese m'maŵa ndi madzulo, ndiponso magetsi atazima. Aimbire mbale wa kutali moonana nkhope, naone ngati chithunzi chikuima. Afunsenso anthu amene amadalira lamya pa ntchito yao tsiku ndi tsiku, monga mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo ndi ejenti wa ndalama, pakuti safunsa anadya phula. Ambiri amathera pa kusunga makhadi onse aŵiri, ina ya intaneti, ina yoimbira ndi ya ndalama. Nzeru imeneyi imapulumutsanso moyo, chifukwa usiku umene mai woyembekezera afunika galimoto yopita ku chipatala cha Embangweni kapena cha pa Boma, khadi imodzi ikakana inayo ingagwire.

Kumene makampani onse aŵiri sanafike, anthu sayenera kungokhala chete. Lamulo la chaka cha 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera amene makampani saonako phindu. Mafumu, makhansala ndi aphungu akhoza kupereka pempho la dera lao kudzera ku khonsolo ya M'mbelwa. Munthu amene wadandaula ku kampani koma osathandizidwa ali ndi ufulu wopititsa nkhani yake ku MACRA. Kuyambira chaka cha 2023 kulinso Starlink, intaneti yochokera ku setilaiti imene siidalira nsanja, ngakhale mtengo wake ukuyenera sukulu, chipatala kapena gulu la anthu koposa banja limodzi la kumudzi.

Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zikwangwani za m'mbali mwa mseu zimanena za dziko lonse, koma netiweki imene banja lingaidalire ndi imene yayesedwa pakhomo pake, pa ola limene banjalo limaifuna.