Chizungulire Chochokera M'khutu

Mayi akagwa atasenza ndowa pochokera kuchitsime, anthu amafulumira kunena kuti aledzera kachasu kapena awalodza. Koma abale, nthawi zina vuto limakhala m'kati mwa khutu.

Dokotala wa ku Paris, Prosper Ménière, anafotokoza matendawa mu 1861. Madzi akachuluka m'katimo, munthu amaona zonse zikuzungulira kwa mphindi 20 mpaka maola 12, khutu likulira, iye akusanza. Pakapita zaka, chizungulirecho chimachepa mwa ambiri, koma khutu limanka ligontha. Ena amangogwa mwadzidzidzi osakomoka.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma ochepetsa alipo kuchipatala. Chepetsani mchere m'ndiwo. Chikayamba, tsikani panjinga, khalani pansi, kutali ndi moto. Apabanja, musamuseke wodwalayo, mugwireni dzanja.