Kamera yojambulira nyama za kutchire: gulani yoona patali

Ulónguè — Mnyamata kapena mtsikana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga akagulitsa mbatata ya kachewere n'kusunga ndalama pang'ono, angafune kugula kamera yojambulira nyama za kutchire. Si maganizo olakwika ayi. Chigawo chathu cha Tete chili ndi nyama zoti munthu n'kujambula. Mu Paki ya Mágoè, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, muli njovu, mvuu ndi ng'ona. Koma ndalama za thukuta zisapite pa kamera yosayenera ntchitoyi.

Mfundo yaikulu ndi mtunda. Njovu ndi mvuu zimathamanga kuposa munthu, ndipo woyandikira kuti chithunzi chikule akuika moyo wake pachiswe. Foni ya m'manja ikajambula mvuu ya kutsidya kwa mtsinje, chimatuluka ndi kadontho kakuda basi. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: kodi galasi lake limakoka patali bwanji? Za mamegapikiseli zisakunyengeni, pakuti 16 ndi okwana.

Makamera otsikirapo mtengo ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la galasi losachotseka koma lokoka kwambiri. Nikon Coolpix P900, yomwe inatuluka mu 2015, imakoka ka 83. Panasonic Lumix FZ82 ya mu 2017 imakoka ka 60, pamene Canon PowerShot SX70 HS ya mu 2018 imakoka ka 65. Vuto lake ndi lakuti kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake n'kakang'ono. M'mbandakucha ndi chisisira, zithunzi zimaoneka ngati zawazidwa mchenga.

Gulu lachiwiri ndi la makamera osintha magalasi, monga Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D, onse a mu 2018. Awa amajambula bwino ngakhale kuwala kuchepe. Koma kawirikawiri amagulitsidwa ndi galasi la 18-55 mm, labwino pa ukwati ndi pa ubatizo, losathandiza kutchire. Pamafunika kugulanso galasi lina, monga la 70-300 mm, ndipo imeneyo ndi ndalama yachiwiri. Komanso nthawi ya chilimwe, mukamasintha galasi, fumbi limalowa m'kati n'kuika mawanga pa zithunzi.

Kwa wongoyamba kumene, wa ndalama zochepa, gulu loyamba ndilo loyenera. Mumagula kamodzi, mumanyamula chinthu chimodzi, ndipo mumajambula muli patali.

Makamera amenewa ndi akale ndithu, ndiye ambiri mudzawapeza ogwiritsidwapo kale ntchito. Musapereke ndalama musanayese. Yang'anani galasi pa dzuwa: mukaona tizinthu tonga ulusi wa kangaude m'kati, ndiye kuti muli nkhungu, isiyeni. Kokani galasi mpaka kumapeto n'kulibweza, mumve ngati likukakamira. Jambulani zithunzi zingapo, muone ngati batire likutha msanga. Funsaninso chaja yake.

Kumudzi kopanda magetsi, nkhani ya batire ndi yaikulu. P900 ndi FZ82 zimatchajidwa ndi chingwe cha USB, choncho sola ya pakhomo ingathandize. Siyaniko ndalama ya batire lachiwiri ndi khadi losungira zithunzi.

Galasi likakoka patali, kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumaononga chithunzi. Miyendo itatu yoikapo kamera ikakukanikani kugula, sokani kathumba, muikemo nyemba kapena mchenga, mutsamiritsepo kamera pa mwala kapena pa chitsa. Pojambula nkhwazi ikuuluka, ikani liwiro la chotsekera pa 1/1000 kapena kuposa.

Musathamangire ku Mágoè tsiku loyamba. Phunzirirani pa mbalame za kudimba, abuluzi ndi anyani a m'phiri, mpaka zala zizolowere. Tsiku lolowa m'paki, pemphani chilolezo kwa oyang'anira ndipo muziyenda ndi mlonda wa nyama. Iye akati bwererani, bwererani, ngakhale chithunzi chisanatheke.

Kwa abale athu a ku Zumbo ndi Marávia, kumene njovu zimalowa m'minda, kamerayi ili ndi ntchito inanso. Chithunzi cha mapazi a njovu ndi chimanga chopondedwa, chokhala ndi tsiku lake, ndi umboni wopita nawo kwa amfumu ndi ku ofesi ya zaulimi ya boma.