Tebulo lanu ndi lokongola, koma wosaona akumva chiyani?

Sabata siitha m'magulupu a WhatsApp a m'tauni muno osagwamo ndandanda. Wa kuzima kwa magetsi, wa masiku omwe madzi atuluke, wa mitengo yatsopano ya ziphaso za pamsika, wa mayina a omwe aitanidwa ku intavyu. Pafupifupi zonsezi zimabwera ngati tebulo, ndipo zambiri zimabwera ngati chithunzi. Wina wajambula pepala lomata pakhoma kapena watenga screenshot, n'kuponya. Ife openya timangokulitsa ndi zala ziwiri, n'kupeza dera lathu, basi. Koma munthu wosaona yemwe ali m'gulupu yomweyo, foni yake imangomuuza kuti pabwera chithunzi. Zomwe zalembedwa m'katimo, zii.

Ena mwadabwa kale, eti? Osaona pa WhatsApp? Alipo ndithu, pa Facebook pomwe. Amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa screen reader, yomwe imawerenga mokweza zolembedwa pa sikirini. Pa mafoni a Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver. Pa kompyuta za Windows zotchuka ndi JAWS, yomwe ndi yogula, ndi NVDA, yomwe ndi yaulere. NVDA inayamba mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, kenako anagwirizana ndi James Teh, ndipo onse awiri ndi osaona. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali, ndipo vuto la maso ndi lomwe linatchulidwa kwambiri. Ndiye sitikukamba za anthu awiri atatu ayi.

Nkhani yagona apa. Diso limaona tebulo lonse nthawi imodzi. Likapeza nambala pakati, limangothamangira m'mwamba kukaona mutu wake, n'kubwerera, osazindikira n'komwe kuti layenda. Khutu silingatero. Limalandira kabokosi kamodzikamodzi, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mzere ukatha n'kuyamba wina.

Tiyerekeze ndandanda wa madzi wokhala ndi mitu inayi: Dera, Tsiku, Kutsegula, Kutseka. Munthu wafika pa mzere wa 14 n'kumva kuti “6:00”. Ndi nthawi yotsegula kapena yotseka? Nanga ndi ya dera liti? Ngati tebulolo linapangidwa bwino, pulogalamu imatchula mutu kaye: “Kutseka, 6:00”. Wogwiritsa NVDA amadina Ctrl ndi Alt pamodzi ndi timivi, n'kumayenda m'tebulo kumtunda, kumunsi, kumanja, kumanzere, monga mmene diso lathu limayendera. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha kompyuta ikudziwa kuti ili ndi tebulo ndipo uwu ndi mzere wa mitu. Ikapanda kudziwa, munthu amangomva manambala otsatizana ngati akumvera zotsatira za mpira popanda mayina a matimu.

Chomwe ndimachiona kwambiri m'zikalata zomwe zimazungulira, makamaka zotayipidwa mothamanga, ndi tebulo labodza. Munthu walemba dzina, wadina space kambirimbiri kapena Tab katatu, walemba ndalama, wapita mzere wina. Pa pepala zikuoneka zoongoka bwinobwino. Kwa screen reader limeneli si tebulo, ndi mawu chabe okhala ndi mipata. Mu Word tebulo lenileni limapangidwa ndi Insert, kenako Table. Mukatero pitani pa Table Design muonetsetse kuti pa Header Row pali chongi, ndipo mutaika kasa pa mzere woyamba, pitani pa Layout mudine Repeat Header Rows. Kungodetsa mawu a mzere woyamba kapena kuupaka mtundu sikuuza kompyuta chilichonse. Chosangalatsa n'chakuti Repeat Header Rows imathandizanso openya: tebulo likadutsa tsamba limodzi, mitu imabwerezedwa pamwamba pa tsamba lotsatira, osati kumangotembenuza mapepala kufufuza kuti kolamu yachitatu inali ya chiyani.

Mu Excel, sankhani zolemba zanu, dinani Ctrl ndi T, muchonge pa My table has headers. Ndipo timasamba ta pansi tija tipatseni mayina omveka, osati Sheet1, Sheet2.

Tsopano tifike pa chinthu chomwe akatswiri okongoletsa zikalata amachikonda kwambiri, kuphatikiza timabokosi ndi Merge Cells. Mutu umodzi waukulu wakuti “Lolemba” utambalale pamwamba pa makolamu atatu, kapena dzina la dera lilembedwe kamodzi koma liimire mizere isanu. Kukongola kumakongoladi, sindikana. Koma screen reader imadziwa pomwe ili powerengera mizere ndi makolamu. Mzere wina ukakhala ndi timabokosi tinayi, wotsatira tiwiri, kuwerengerako kumasokonekera, ndipo nambala ikhoza kutchulidwa ndi mutu womwe si wake. Taganizani ndi kaundula wa banki m'khonde, munthu n'kumva ndalama za ngongole ngati kuti ndi masheya ake. Pamenepo mkangano wayamba, koma wolakwa palibe, ndi tebulo. Ine ndimati ngati dzina la dera likufunika pa mizere isanu, lilembeni kasanu. Kubwereza si tchimo. Ndipo ngati mukuona kuti tebulo lanu likufuna mitu iwiri yosanjikizana, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mwapanikiza matebulo awiri m'limodzi. Agaweni, lililonse likhale ndi kamutu kake pamwamba.

Timabokosi topanda kanthu natonso timavuta. Wopenya akaona mpata amangodziwa kuti apa palibe. Womvera sadziwa ngati palibedi, ngati mlembi anaiwala, kapena ngati tebulo latha. Lembanimo “palibe” kapena 0, malinga ndi chomwe mukutanthauza, chifukwa ziwirizi si zofanana: yemwe sanalembe mayeso ndi yemwe wapeza 0 ndi anthu osiyana. Mizere yopanda kanthu yongosiyanitsira magawo ichotseni.

Nanga mitundu? “Omwe mayina awo ali ofiira sanalipire.” Screen reader mwa masiku onse siitchula mtundu wa zilembo ikamawerenga. Onjezani kolamu yakuti “Walipira?” n'kulembamo inde kapena ayi. Mtunduwo usiyeni ngati mukuufuna, koma usakhale wokhawo wonyamula uthenga. Ngakhale fotokope ya pa tauni imathetsa mitundu yonse kukhala yakuda, ndiye wopenyanso amasokera chimodzimodzi.

Pali malo amodzi pomwe ntchito yonse yabwinoyi imafera, ndi posandutsa chikalata kukhala PDF. Ambiri timadina Print n'kusankha Microsoft Print to PDF. Njira imeneyi imataya timalangizo tobisika tomwe timauza screen reader kuti ili ndi tebulo, uwu ndi mutu. Njira yabwino ndi Save As, musankhe PDF, mudine Options, muonetsetse kuti pa Document structure tags for accessibility pali chongi. Choipitsitsa ndi chizolowezi cha m'maofesi chija: kusindikiza, bwana asaine, adinde chidindo, kenako kusikana. Chotuluka ndi chithunzi chovala dzina la PDF. Kudziwa kwake n'kosavuta. Yesani kusankha mawu amodzi kuti muwakope. Akakana kusankhika, palibe zolemba mmenemo. Ndikumvetsa kuti chidindo n'chofunika, anthu amafuna umboni woti chikalata si chabodza. Tumizani zonse ziwiri basi, chodindidwacho ndi cha Word kapena PDF yeniyeni.

Wina anena kuti masiku ano kuli mapulogalamu owerenga mawu a m'chithunzi. Zoona. Kuli Lookout ya Google, Seeing AI ya Microsoft, ndipo NVDA nayo imatha kuyesa kuzindikira zilembo za pa chithunzi. Pa kalata wamba zimathandiza. Pa tebulo lojambulidwa mopendekeka, pepala lokwinyika, mthunzi wa dzanja pakati, zimatha kusakaniza mizere, ndipo womverayo alibe njira yodziwira kuti zasakanikira. Wina anenanso kuti angopempha m'bale amuwerengere. Za magetsi mwina. Koma za malipiro ake, ngongole yake, zotsatira zake za mayeso? Inuyo mungakonde kuti mlamu wanu azidziwa zonsezo musanadziwe inu? Komanso ndandanda wa intavyu sudikira kuti wokuwerengera aweruke kuntchito.

Si nkhani ya chifundo chabe. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 9 ndi 21 za panganolo zimakamba za kupereka uthenga m'njira zomwe anthuwa angathe kuzigwiritsa ntchito. Tilinso ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kwa ine, bajeti ya chitukuko cha m'dera ikaikidwa poyera ngati chithunzi chokha, kwa nzika yosaona sinaikidwebe poyera.

Ambiri a inu mukuwerenga pano si alembi a m'maofesi, ndinu ma admini a magulupu ndi masamba a Facebook. Gawo lanu ndi losavuta kuposa onse. Mukaponya chithunzi cha ndandanda, lembani zomwezo m'mawu pansi pake, dera lililonse mzere wake, mutu uliwonse utchulidwe: “Dera lakuti, Lachiwiri, madzi atsegulidwa 6 koloko m'mawa, atsekedwa 2 koloko masana.” Pa Facebook pali malo olembapo Alternative text mukadina Edit pa chithunzi, koma amenewo ndi abwino pa chiganizo chimodzi chonena kuti chithunzicho n'cha chiyani. Ndandanda weniweni aikidwe m'positi momwe. Athokozenso ndi mnzanu yemwe bandulo yamuthera ndipo zithunzi sizikutseguka. Chonde, zilembo zopotokola zija zokopa pa intaneti ndi ma emoji khumi otsatizana zisiyeni kaye. Screen reader imatchula dzina la emoji, ndipo zilembo zokongoletsazo nthawi zina imazilumpha kapena kuzitchula mosamveka.

Musanatumize chikalata cha Word, pitani pa Review mudine Check Accessibility, ikuonetsani timabokosi tophatikizidwa ndi matebulo opanda mitu. Kenako ikani kasa m'kabokosi koyamba muzidina Tab mpaka kumapeto. Momwe kasayo akuyendera ndi momwe womvera alimvere tebulolo.

Ofuna kudzimvera okha, pa kompyuta dinani Ctrl, Windows ndi Enter pamodzi, muyatsa Narrator, ndipo mabatani omwewo ndi ozimitsira. Pa Android pitani pa Settings, Accessibility, TalkBack. Koma ndikuchenjezeni, mukayatsa TalkBack foni imasintha khalidwe: kugunda kamodzi kumangosankha, kutsegula n'kugunda kawiri, ndipo potsitsa tsamba pamafunika zala ziwiri. Lowezani zimenezi musanayatse, kuopa kuthamangira kwa okonza mafoni kumsika kukalipira pa foni yomwe sinaonongeke.